Achimwene, musagule router ina

Mwafunsa ngati mugule router ina poti Home Assistant, pulogalamu yoyendetsa zida za m'nyumba, ikumalephera kuona kuti foni ili pakhomo. Vuto si router, achimwene. Zoti foni ya mayi akunyumba ikumasonyeza not_home (kutanthauza kuti sali pakhomo) iwo ali pabalaza zinandichitikira ine kuno ku Kasungu, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Amene anandiikira Home Assistant pa Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) anakonza zoti mafoni onse akachoka pa Wi-Fi, siren izitcheredwa yokha, sensa ya m'khonde ikaona munthu izilira. Inali nyengo ya malonda a fodya, mukudziwa mmene anthu amaopera mbava nthawi imeneyo. Ine ndinali ku Mchinji. M'nyumba munali akazi anga, khanda ndi apongozi amene anabwera kudzathandiza. Usiku magetsi anazima n'kuyakanso. Extender (kachipangizo kotalikitsa Wi-Fi) yakuchipinda inayamba kudzuka router isanadzuke, foni ya akazi anga n'kulowa kumeneko. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, foni imapeka MAC address (nambala yoizindikirira pa netiweki) yakeyake pa dzina lililonse la Wi-Fi, ndiye poti extender inali ndi dzina lina, makina anaona ngati ndi foni yachilendo, eni nyumba kulibe. Cha m'ma 2 koloko apongozi anadzuka kukatenthetsa madzi a mwana. Siren ija kulira! Aneba anathamanga ndi zikwanje ndi mipini, wina anaswa chitseko chakukhitchini poganiza kuti mbava zalowa. Apongozi amadwala BP, anagwa pansi ketulo ili m'manja, madzi anawawotcha mwendo. Akazi anga akundiimbira akulira, mwana akulira, sakudziwa pozimitsira chifukwa munthu uja sanaike ngakhale batani. Ine ndili kutali, manja akunjenjemera, app ikungozungulira.

Kutacha ndinamuimbira amene anandiikira uja. Yankho lake? Akuti foni ya mayi ndi yotchipa. Foni yomweyo anaigwira yekha tsiku loika, osazimitsa randomized MAC! Ndalama anadya zonse, kenako anasiya kuyankha. Anthu otere amangokopera za pa YouTube, saganiza kuti m'nyumbamo mukhala nkhalamba ndi makanda.

Ndiye chitani izi. Pa foni iliyonse lowani pa Wi-Fi ya kunyumba, pa Android sankhani device MAC, pa iPhone zimitsani Private Wi-Fi Address. Router ndi extender zikhale ndi dzina limodzi, 2.4GHz ndi 5GHz chimodzimodzi. Foni iliyonse muipatse IP (adiresi yake pa netiweki) yokhazikika pa DHCP ya router (pomwe router imagawira ma IP), makamaka ngati mukudalira ping, njira yomwe makina amaitanira foni kuti aone ngati ilipo. Koma dziwani kuti foni ikagona, makamaka iPhone, imasiya kuyankha ping. Consider_home, nthawi yomwe Home Assistant imadikira isananene kuti foni yachoka, imabwera pa masekondi 180, n'zochepa, kwezani ifike mphindi 10 kapena 15. Router muilumikize ku batire limodzi ndi Pi.

Kunena zoona, Wi-Fi musaikhulupirire pa nkhani ya chitetezo, siren muzitchera ndi dzanja basi. Komabe kwanga ndinaibwezeretsa, imatcheredwa yokha mpaka pano, kungoti ndinawonjezera Companion app (app ya Home Assistant ya pa foni) ya GPS ndi ESP32, kachipangizo komva Bluetooth ya mafoni, zonse zivomerezane kaye kuti tachoka. App ija imafuna bandulo, ikatha data imakakamira pomwe inakuonani komaliza. Ndipo ikani batani lozimitsira siren pafupi ndi bedi, aliyense m'nyumba alidziwe, ngakhale mlendo. Tumizani screenshot ya History ya foni ya mayiyo mu Home Assistant tione nthawi imene ikumasowa.