Kwa mayi amene mwana wawo amathawa buku

Mayi, mwati mwana wanu wa zaka 4 amakonda kuimba ndi kumvera nthano, koma mukangotulutsa buku amathawa. Mwafunsanso za tabuleti, kachipangizo konga foni yaikulu, yoti mumugulire. Za tabuleti ndiwasiyira ena, ngakhale sindikugwirizana ndi amene akukuuzani kuti mukangogula basi nkhani yatha. Ine ndiyankha za nyimbo ndi nthano, poti ndi zimene ndachita ndi ana anga.

Choyamba ndikuchenjezeni: mwana kuimba zilembo si kudziwa zilembo ayi. Mwana wa mchemwali wanga ankapita kusukulu ina ya mkaka kumene m'mawa uliwonse ankaimba nyimbo ya afabeti. Ankaiimba yonse osaphonya, aphunzitsi n'kumatiuza kuti ameneyu ndiye katswiri m'kalasi. Tsiku lina ndinalemba chilembo m papepala n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Anangondiyang'ana. Ndinalemba a, chimodzimodzi. Chaka chathunthu makolo akulipira fizi, ndalama zosayamba, koma palibe anamulozerapo chilembo pamene ankaimba. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa atalowa pulayimale anayamba kudziona ngati mbuli pamene vuto silinali lake. Ndiye chilichonse chimene mukuimba, maso a mwana azikhala pa mawu olembedwa, chala chanu chikuyenda pansi pake.

Ntchito yeniyeni ya nyimbo ili kukhutu. Mu 1983 Lynette Bradley ndi Peter Bryant, akatswiri ofufuza a ku yunivesite ya Oxford ku England, anaonetsa kuti ana a zaka 4 ndi 5 amene ankatha kumva mawu oyamba kapena otha ndi liwu lofanana, ankawerenga bwino patapita zaka. Ife tili ndi mwayi chifukwa Chichewa chimalembedwa pafupifupi momwe chimamvekera, ndipo maphatikizo ake amaombeka bwino m'manja. Ombani naye: ga-li-mo-to, kanayi, mwe-zi, kawiri. Yambani ndi dzina lake, mwana satopa kumva dzina lake.

Kenako tengani kanyimbo kakafupi kamene akukadziwa kale pamtima, mizere itatu kapena inayi, mukalembe ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni. Imbani pang'onopang'ono mukuloza. Mukabwereza masiku angapo, imani pakati n'kumufunsa kuti, "Kodi mawu akuti mwezi ali pati apa?" Akalephera, muonetseni, mupitirize kuimba osapanga nkhani. Ndipo muzimuuza liwu la chilembo, mmm, osangoti "emu", chifukwa mwana woloweza "emu" ndi "eyi" amavutika kuziphatikiza kuti zituluke ma.

Pa nthano mpamene mungamukokere ku buku. Musayambe ndi buku m'manja. Yambani pakamwa, musinthe mawu pa nyama iliyonse, ndipo musankhe nthano yokhala ndi kanyimbo kobwerezabwereza koti iye azivomera. Ikafika pokoma, mkango uli pafupi kudumpha, imani. Nenani kuti, "Zimene zinachitika zili umu, tiye tione." Apo ndi iye amene adzakukakamizeni kutsegula. Mukatsegula musamangowerenga nokha ngati wailesi. Mufunseni zimene akuona pachithunzi, chifukwa chake fisi akuthawa, iyeyo akanatani. Akayankha liwu limodzi, inu muwonjezerepo awiri. Katswiri wofufuza Grover Whitehurst ndi anzake ku America anayesa njira imeneyi mu 1988 ndi makolo a ana aang'ono, ndipo anawo anayamba kulankhula mawu ambiri kuposa amene ankangowerengeredwa mwachizolowezi.

Chimene chinagwira ntchito kwambiri kwanga ndi ichi: mwana asimbe yekha nthano yake, inu muzilemba ndendende momwe akunenera, ngakhale ikhale yopanda mutu. Ajambule zithunzi, musoke mapepalawo pakati. Mawa lake muwerengereni. Akamva mawu ake enieni akutuluka papepala, amazindikira yekha ntchito ya zilembo, ndipo kabuku kameneko sangalole kuti wina akagwire. Akafuna nthano imodzimodziyo usiku uliwonse, musatope naye, kubwerezako ndiye kuphunzirako.

Mabuku oimba okha, aja okhala ndi mabatani, musataye nawo ndalama. Ndi okwera mtengo, mwina kuwirikiza kangapo buku wamba, ndipo mwana amangodina batani osayang'ana tsamba. Mabatire akatha nalonso buku latha ntchito. Mavidiyo a nyimbo a pafoni nawo samalani nawo: bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera, ndipo pa nthawi yokhala pansi linalimbikitsa kuwerenga ndi kusimba nthano ndi womulera. Ngati mwapeza nyimbo yabwino pa YouTube, iphunzireni inuyo, muzimitse foni, muimbe naye.

Amene alemba kuti mumukhazike pansi ndi kashamu pambali, pepani, mwana wotero amaphunzira kuopa buku basi. Mphindi 10 zokoma ndi zokwanira pa msinkhu umenewu, ndipo muzisiya iye akadafunabe. Musamamuyese mayeso pamaso pa alendo kapena kumuyerekeza ndi mwana wa oyandikana nawo, wa zaka 4 sanachedwe.

Chinanso, ngakhale simunafunse: muzimuyang'anitsitsa. Ngati amayandikitsa kwambiri buku kumaso, amatsinzinira poona zithunzi, kapena mukamuitana ali chembali sayankha msanga, makamaka ngati amadwaladwala makutu, pitani naye kuchipatala akamupime maso ndi makutu musanalimbane naye za zilembo.