Ma contact a makasitomala ndi mpamba wanu, musawasiye malo amodzi

Mayi wina amene ali ndi bizinesi yosoka mayunifomu wandilembera chonchi: "Alangizi, makasitomala ndi masapulaya anga ndimalumikizana nawo pa imelo, ena ali mu Outlook pa laputopu, ena mu Gmail. Nde laputopu yayamba kumangozima yokha. Ndingatani kuti ndipulinte maina ndi manambala onsewa, komanso ndiwasunge penapake asatayike?"

Mayi, mwachita bwino kwambiri kufunsa laputopu ikadayaka, chifukwa ambiri amandipeza itafa kale, atagwira njakata. Mndandanda umenewo ndi mpamba ndithu. Makina osokera akaonongeka mumakakonzetsa, nsalu ikatha mumaoda ina, koma nambala ya munthu amene amakupatsani oda chaka ndi chaka, imelo ya amene amavomereza malipiro ku ofesi ija, sapulaya amene amakukhulupirirani mpaka kukupatsani katundu pangongole, zimenezo kulibe kokagula, munazitolera nokha pang'onopang'ono zaka zonsezi. Nde ntchitoyi ichitike lero lomwe.

Muyambe ndi backup, ndiko kuti kukopera ma contact onse mu fayilo yosunga padera, kupulinta kubwere pambuyo. Pepala ndi labwino inde koma simungalilowetse mu kompyuta yatsopano, muzachita kutaipa dzina limodzilimodzi mpaka msana kuwawa.

Ngati yanuyo ndi Outlook yakale ija yoika pa kompyuta, dinani File, kenako Open & Export, kenako Import/Export, musankhe Export to a file, kutanthauza kutulutsira ma contact anu mu fayilo. Ikufunsani mtundu wa fayilo, pali Comma Separated Values yomwe anthu amangoti CSV, ndi Outlook Data File yomwe dzina lake limathera ndi .pst. Ine ndimati pangani zonse ziwiri, sizitenga nthawi. CSV imalowa pafupifupi paliponse, mu Gmail, mu pulogalamu ina ya imelo yotchedwa Thunderbird, mu Excel, pomwe .pst ndi ya Outlook koma ubwino wake imatha kunyamula ndi maimelo omwe, kutanthauza kuti makoteshoni ndi ma invoice amene munatumizirana ndi anthu apulumukanso. Ngati ndi Outlook yatsopano kapena ya pa intaneti, pitani pa People, Manage contacts, Export contacts. Za Gmail zili pa contacts.google.com, pamenepo pali Export ndipo ikupatsani mitundu ya fayilo monga Google CSV ndi vCard. Tengani Google CSV ndi vCard. vCard imeneyo ndi fayilo ya .vcf, foni ya Android ndi iPhone zonse zimaiwerenga bwinobwino.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika, ndipo chonde werengani mofatsa. Mukayamba kutaipa dzina la kasitomala pa To paja adilesi yake nkutulukira yokha, sizikutanthauza kuti munamuseva ayi. Outlook imangokumbukira anthu amene munawalemberapo mu kamndandanda kena kapadera kotchedwa Auto-Complete, ndipo kameneko sikatuluka nawo mu CSV. Munthu amagwira ntchito zaka zisanu akuona maina akutulukira okha, tsiku lopanga export nkupeza mu fayilo muli anthu 12 basi, enawo sanawasevepo nkomwe. Mu Gmail anthu oterewa amakhala pa Other contacts, mu Thunderbird amakhala mu Collected Addresses. Nde musanapange export, lembani papepala makasitomala anu akuluakulu olo 10, muwafufuze mmodzimmodzi mu Contacts zenizenizo, amene mulibe muwaikemo, ndi nambala ya foni, dzina la kampani, ndipo pa Notes paja muzilembapo tinthu ngati "amalipira pakutha pa mwezi" kapena "amaoda sukulu zisanatsegulire". Tinthu timeneto ndi timene timasiyanitsa mndandanda wa bizinesi ndi mulu wa manambala.

Ena amandiuza kuti aaa zanga zili bwino, zimapanga sync ndi foni. Sync ndi yothandiza koma si backup. Sync ntchito yake ndi kufananitsa, mwana akaseweretsa foni nkudilita ma contact 200, kompyuta nayo imvera pompo nkuwachotsanso. Google imasunga zodilitidwa mu Trash masiku 30, ndipo pali Undo changes yobwezera mndandanda mmene unalili, nayonso malire ake ndi masiku 30 omwewo, mukazindikira patatha miyezi iwiri ndiye kuti zapita. Komanso Google inati kuyambira mu Disembala 2023 akaunti ya munthu imene yakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito itha kufufutidwa, nde kaakaunti kakale kaja kamene munasungako manambala nkukaiwala musakadalire. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Fayilo imene ili mmanja mwanu ndiye yanu.

Odziwa za makompyuta ali ndi lamulo lomwe amati 3-2-1. Zinthu zanu zikhale malo atatu, pa zosungira zamitundu iwiri, ndipo malo amodzi akhale kutali ndi pomwe mumagwirira ntchito. Kwa inu zingakhale chonchi, mu akaunti momwemo, pa fulashi yosungidwa kunyumba, ndi pa Google Drive kapena OneDrive. Fulashi ikamagona mchikwama chimodzi ndi laputopu ndiye palibe chomwe mwachita, wakuba amanyamula chikwama chonse. Dzina la fayilo muziikapo deti, ndipo muzibwereza kamodzi pamwezi tsiku lomwe mumawerengera ndalama za bizinesi, kuti zisamaiwalike. Kamodzi yesani kulowetsa vCard ija mu foni ina muone ngati maina akutuluka ndi manambala ake, backup yosayesa ine sindiikhulupirira.

Bambo wina nayenso anafunsa zofananako, akuti anapanga export bwinobwino koma atatsegula mu Excel manambala onse asokonekera, ziro yoyambirira kulibe. Bambo, fayilo yanu inalibe vuto. Excel ikaona manambala okhaokha imawatenga ngati a masamu, nde ziro ya kutsogolo imaichotsa, chizindikiro cha + nachonso chimasowa, ndipo nambala ikafika madijiti 12 imayamba kuoneka mwachidule nkumathera ndi E+11. Kungoona chabe palibe chaonongeka, koma mukadina Save pa CSV yomweyo ndiye kuti mwasunga zoonongekazo ndipo madijiti otayikawo sabwereranso. Maina okhala ndi ŵ nawo nthawi zina amasanduka tizilembo tachilendo. Nde fayilo yoyambirira ija musamaigwire, ikopeni kaye muzisewera ndi inayo. Ndipo mmalo moidina kawiri, tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa Data, From Text/CSV, musankhe UTF-8, ndipo mzere wa manambala a foni muuike kuti ndi Text musanaulowetse. Ngati munaseva kale, bwererani ku imelo mukapange export ina, musavutike ndi kukonza pamanja.

Tibwere ku kupulinta mayi. Mu Outlook yakale ija pitani pa People, kenako File, Print, ikuonetsani masitayilo angapo. Card Style imatulutsa zonse za munthu aliyense ngati timakadi, imadya mapepala kwambiri. Phone Directory Style imangotulutsa maina ndi manambala a foni motsatira alifabeti, imeneyo ndi yabwino kusunga mu diloo. Google Contacts nayo ili ndi Print, ndipo pa pulinta paja mutha kusankha Save as PDF kuti muone kaye masamba angati musanaononge inki. Koma maganizo anga, musapulinte onse. Mu anthu mahandiredi amenewo muli ena munalemberana kamodzi kokha kalekale. Sankhani amene bizinesi ingaime atasowa, mwina 30 kapena 40, mu Gmail muwapatse label yawoyawo, ndiko kuti dzina la gulu lawo, nkupulinta label imeneyo yokha, ikwana masamba awiri atatu. Lembani deti pamwamba ndi bolopeni, nambala ikasintha muzikhwatcha nkulemba yatsopano pambali. Tsiku limene foni yatayika, netiweki kulibe, oda ikufunika mawa, pepala limenelo ndi limene lizakuombolani.

Koma pepalalo lisamalidwe ngati ndalama. Anthuwo anakupatsani manambala awo chifukwa chokukhulupirirani, asazapezeke akuimbiridwa ndi anthu achilendo chifukwa pepala linasiyidwa pa tebulo. Mukakapulintira pa kompyuta ya eni, onetsetsani kuti fayilo yadilitidwa ndi mu Recycle Bin momwe, mutenge ndi masamba olakwika omwe. Lakale likatha ntchito ling'ambeni tizidutswatizidutswa kapena kuliotcha.

Chinanso chimene chimandiwawa mtima ndikachikumbukira. Ndinathandizapo bambo wina amene maimelo onse a bizinesi ankadutsira mu akaunti ya mnyamata wake wantchito, chifukwa mnyamatayo ndi amene ankadziwa kompyuta. Atasiyana, osati mokangana ayi, mnyamata anangopeza ntchito kwina, makasitomala onse anapita naye limodzi mu akaunti muja, ndipo tinakhala masiku angapo tikutolera manambala mmabuku a malisiti akale, ena sitinawapeze. Nde mayi onetsetsani kuti akauntiyo ndi ya bizinesi, pasiwedi mukuidziwa ndinu, ndipo nambala yobwezeretsera akaunti ndi yanu. Ngati munayatsa 2-Step Verification, chitetezo chija chotsimikizira pa foni kuti ndinu mukamalowa mu akaunti, Google imapereka ma backup code 10 olowera foni ikasowa, amenewonso apulinteni, koma muwasunge pena, osati pamodzi ndi mndandanda uja.

Poti laputopu yanu ikuzimazima, ilumikizeni ku chaja, fulashi ikhale yolowetsa kale, muyambe ndi CSV chifukwa imatha msanga, .pst ibwere pambuyo poti ikakhala ndi maimelo ambiri imachedwa. Musaseve pa Desktop nkumati mwamaliza, sevani pa fulashi mwachindunji, muitsegule pa kompyuta ina muone kuti mafayilo alimodi. Mukatero ndiye laputopuyo muipititse kokonzetsa.