Gadeniya wanu akuchita chikasu? Siyani kaye phulusa

Mafunso a duwa la gadeniya achuluka, ndiyankhe onse pamodzi.

Mayi ena a ku Matawale akuti masamba a kunsonga akusanduka achikasu koma timitsempha take tikadali tobiriwira, chonsecho amathira phulusa sabata iliyonse. Mayi, vuto lake ndi phulusa lomwelo. Gadeniya amafuna dothi la asidi, pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 5 ndi 6, ndiye phulusa limapha asidi uja mpaka mizu imakanika kuyamwa ayironi ngakhale m'dothimo alimo, nchifukwa chake masamba anthete ndi amene amayamba kuyezuka. Laimu musayerekeze, madzi ochapira zovala musatayirepo, ndipo ngati munabzala mphepete mwa khonde la simenti muzule ndi dothi lake mvula ikakhazikika mu Disembala mukabzale pomwe pamawomba dzuwa la m'mawa lokha, masana pakhale kamthunzi. Zimandimvetsa chisoni kuona anthu akudula mtengo wabwinobwino poganiza kuti wadwala pamene vuto ndi dothi basi. Thirani kompositi wowolerana bwino, phimbirani ndi masamba a paini owuma, kuno ku Zomba sasowa. Feteleza ndi SA (salufeti wa amoniya) pang'ono chabe, motalikira ndi tsinde dothi lili lonyowa, CAN ayi.

Bambo a ku Chinamwali, maluwa akuyoyoka asanamasule chifukwa cha kathiriridwe, lero madzi ambirimbiri kenako masiku angapo osathirira, makamaka kutentha kwa Okutobala kuja. Pisani chala m'dothi, likayamba kuuma thirirani, koma madzi asadikhe. Inu a cha ku Kachulu kufupi ndi Chilwa, ngati mjigo wanu ndi wamchere mukinge madzi a mvula.

Zakuda ngati mwaye pamasamba zija zimabwera ndi nsabwe kapena kodikodi, mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika dziwani kuti zilipo. Poperani madzi a sopo pang'ono kunsi kwa masamba madzulo, m'mawa mutsukuluze.

Za kuchulukitsa mbeu nzosavuta. Dulani kanthambi ka masentimita 10 mpaka 15 kosakhwimitsa, chotsani masamba a m'munsi, zikani mu chubu momwe mwasakaniza mchenga ndi kompositi, vindikirani ndi pulasitiki pamthunzi ndipo mudikire mwezi umodzi kapena iwiri. Kuthenera muzichita maluwa akangotha, mukachedwa mudula nthambi zomwe zimayenera kudzatulutsa maluwa otsatira.