Mbewu saika pafupi ndi mphika

Mdzukulu wanga wina wa kabaza ku Lilongwe wandilembera motere: "Agogo, ndimayendetsa njinga yamoto ya bwana wina, madzulo aliwonse n'kukapereka ndalama yake. Chino ndi chaka chachitatu ndikunena kuti ndigula yangayanga. Januwale ndimayamba bwino kusunga pa foni, koma pofika Malichi zonse zatha. Zina ndabetchera mpira, zina ndagulira anzanga, zina apempha abale. Kodi ndine wofooka mtima? Nditani?"

Khala pansi mdzukulu, ndiyambire kukhitchini kwa amayi anga.

Amayi anga anaona njala ya 1949, ndipo inawasiyira khalidwe limene sanalisiye mpaka imfa. Tikangokolola, chimanga chisanalowe m'nkhokwe, ankasankha zisononkho zikuluzikulu zodzadza bwino, n'kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, n'kuzipachika kudenga pamwamba pa moto. Utsi unkazidetsa bii ndi mwaye, tizilombo osayandikira. Chaka chikavuta, nkhokwe inkatha mvula isanagwe. Ife ana tikudya phala la madeya, maso ali kudenga. Tsiku lina ndinawapempha kuti atsitseko chimodzi chokha tikazinge. Anandiyankha osakweza mawu kuti chimenecho si chakudya, ndi munda wa chaka chamawa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti amapachika kumeneko chifukwa cha utsi basi. Nditakula ndinazindikira kuti nawonso njala inkawapweteka ngati ife, ndipo ankadziwa kuti mbewu ikakhala m'lichero pafupi ndi mphika, dzanja lawo lomwe lidzaitenga. Kuti uifike kudenga kuja unkafunika kukoka mtondo, kukwerapo, kumasula, ana onse akukuona. Pofika pamenepo nzeru zabwerera.

Iwe mbewu yako waiika m'lichero. Foni imene ukusungiramo ndalama ndi yomweyo imene ukubetchera mpira, ndi yomweyonso imene amalume amakuimbira. Ili m'thumba usana wonse, usiku igona pamutu pako. Zala zikangodina kanayi, thukuta la mlungu wathunthu lapita. Munthu amene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa, fumbi lili m'maso, apolisi apamsewu amuimitsa kawiri, sungamuyembekezere kuti 9 koloko usiku akhale ndi mphamvu zokana chilichonse. Ndiye funso lako lakuti ndiwe wofooka mtima silikundivutitsa kwenikweni. Mtima wa munthu aliyense umalimba m'mawa, madzulo n'kufewa. Chofunika n'chakuti uzichita zinthu m'mawa zimene zidzakumanga manja madzulo.

Izi sindikuzinena ngati munthu amene sanagwepo. Ndili mnyamata ndinapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu okagwira ntchito kumeneko, ndege mpaka Francistown ku Botswana, kuchoka apo pa sitima. Malipiro athu ankawagawa pawiri: gawo lina kutipatsa m'manja komweko, gawo lina kutisungira kuti tidzalandire tikabwerera kumudzi. Tinkadandaula kwambiri, tinkati ndalama n'zathu, atipatse zonse. Za m'manja zija ine zinathera ku zovala, wailesi ndi mowa wa Loweruka. Zimene sindinathe kuzigwira ndizo zinagula malata a nyumba imene anabadwiramo ana anga. Ndinkati ulendo wachiwiri ndidzasamala, koma mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu opitirira 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku migodi. Ulendo wachiwiri uja sunabwere. Mpaka lero ndimaganizira za ndalama zija zinadutsa m'manja mwanga. Nawenso usamawerengere kuti bwana wa njingayo adzakusunga mpaka kalekale, kapena kuti msana wako udzapirira mabampu zaka zonse.

Tsono pezera mbewu yako denga. Lowa banki mkhonde, kapena chiperegani cha anzako a pa siteji amene ukuwadziwa kwawo ndi kumene amagona. Amayi a banki mkhonde nzeru imeneyi anaigwira kale: bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo silitsekulidwa popanda gulu. Wochedwa amalipira chindapusa, wosabweretsa masheya onse amamuona. Manyazi amenewo ndi mankhwala, usawathawe. Koma ndikuchenjeze: ukalowa, usakatengemo ngongole yoti ukabwezere zimene waluza pa mpira. Ndaona mabanja akulandidwa mbuzi ndi ziwiya chifukwa cha zimenezo.

Ndalama ya njinga uzichotsa poyamba, monga muja umachotsera ya bwana. Bwanji ya bwana sulephera kupereka? Chifukwa ukudziwa kuti ukalephera masiku awiri akulanda makiyi. Njinga yako imene sinabwereyo uipatse ulemu womwewo. Ikhale ndalama yochepa imene ungakwanitse ngakhale tsiku la mvula, makasitomala atasowa. Anyamata ambiri amalephera chifukwa Januwale amalumbira zazikulu, kusunga theka la zonse, kusiya mowa, kusiya kubetcha, kubwerera kusukulu yamadzulo, zonse tsiku limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Chaka chino ndi cha njinga.

Mudzagawana pakutha pa chaka, ndipo tsiku limenelo ndi loopsa kuposa masiku onse. Ndalama zisagone m'nyumba. Ukumbuke kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kudumpha, amene anasunga makwacha pansi pa mphasa anadzuka atasauka. Ngati sizikukwana njinga, gula mbuzi zikakhale kwa munthu wokhulupirika kumudzi, kapena ukaike ku akaunti imene sinalumikizidwe ndi foni yako, yoti kutapa kwake mpaka ukaime pamzere.

Za kubetcha sinditalikitsa. Amene anakhazikitsa masewerawo anawerengera kale kuti iwo azitsala ndi phindu. Mnzako mmodzi akawina siteji yonse imamva, koma amene aluza amapita kwawo mwakachetechete. Chotsa zimenezo mu foni lero, ndipo mpira uzikaonera foni utasiya kunyumba.

Nkhani ya abale ndiyo yolemera, ndipo sindikufuna undimve molakwa. Kwathu kuno munthu sakhala yekha. Maliro akagwa umapita, mayi ako akadwala umathamanga, ndipo njinga imene ingagulidwe mayi ako akubuula opanda mankhwala sidzakupatsa mtendere. Koma si pempho lililonse lili maliro. Ika padera kathumba kena ka abale, monga a banki mkhonde amachitira ndi thumba la zadzidzidzi. Kakatha, katha. Pokana usaname kuti ulibe, poti bodza limadzaululika n'kudula ubale. Pita wekha kwa amalume, ukhale pansi, uwauze kuti: "Amalume, ndili pa chiperegani cha njinga, ndalama sizili m'manja mwanga mpaka Disembala. Chimene ndingathe lero ndi ichi." Mkulu wanzeru akamva mawu otero amakudalitsa. Wina adzanena kuti wayamba kunyada chifukwa cha tauni. Zidzakuwawa, upirire. Omwewo ndi amene udzawanyamule ulere kupita nawo kuchipatala njinga ikadzakhala yako.

Udzaphonya, zimenezo usakayike. Lidzafika tsiku limene udzadya ya masheya. Chimene chakugwetsa zaka zitatuzi si tsiku limenelo ayi, koma m'mawa mwake, pamene umanena kuti zawonongeka kale, ndidzayambanso Januwale. Mlimi akapeza kuti mapando ena sanamere sasiya munda wonse kudikira chaka chamawa. Amatenga mbewu yotsala n'kupakiza chinyezi chikadalipo. Ukadya ya Lachiwiri, Lachitatu upereke, ndipo ukauze gulu zoona osadikira kuti akufunse.

Upezenso munthu mmodzi wamkulu amene umamuopa pang'ono, kaya ndi mlongo wako, kaya mkulu wa mpingo kapena wa kumzikiti, woti Lamlungu lililonse uzimuonetsa kabuku kako. Kabuku ka pepala, kolemba ndi bolopeni, tsiku ndi ndalama yake. Pachikuto ulembe mtengo wa njinga imene ukufunayo, utapita wekha kusitolo kukafunsa, osati zongomva pa siteji. Pakatha miyezi itatu ukafunsenso, poti mitengo siikhala malo amodzi.

Mvula yoyamba ikagwa undilemberenso, undiuze kuti gulu lanu lili ndi anthu angati, makiyi akusunga ndani, ndi masiku angati amene unaphonya n'kupakiza.