Buscopan amatontholetsa m'mimba, koma sapoletsa chilonda

Achemwali a ku Mpondasi, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Mwati amuna anu akhala akumwa Buscopan miyezi inayi chifukwa cha zilonda zam'mimba, tsopano mkamwa mukumawauma, mkodzo ukutuluka movutikira, ndipo mukufunsa ngati awonjezere mapilitsi popeza ululu sukutha. Ayi, asawonjezere. Koma ndiloleni ndiyambe ndi amalume anga, chifukwa funso lanu landikumbutsa zomwe ndimayesa kuiwala.

Amalume anali msodzi. Moyo wawo wonse unali pa chilimira, usiku panyanja, m'mawa pa thandala kuyanika usipa. Munthu wokoka khoka zaka zambiri msana sumusiya, ndiye m'thumba la malaya awo simunkasowa Indocid kapena Brufen. Ankamwa m'mimba mulibe kanthu, kutsitsira madzi a m'nyanja momwemo. M'mimba mutayamba kuwotcha, mnyamata wa pagulosale anawagulitsa Buscopan, nkuwauza kuti amenewa ndiwo "a maalasa". Anawathandizadi, sindinama. Kupotokola kuja kunkaleka, iwo nkudya nsima yawo, nkupita kunyanja. Azakhali anawaletsa tsabola, tomato ndi zokazinga, nkumawaphikira phala la mkaka. Tonsefe tinkati akuchira.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lija la kuno limene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, anagwa pagombe. Anasanza zinthu zakuda ngati matope. Pambuyo pake ndi pamene anaulula kuti kwa milungu iwiri chimbudzi chawo chinali chakuda bii ngati phula, koma ankachita manyazi kunena. Anapulumuka chifukwa cha magazi omwe anawaika kuchipatala. Ine ndinali nawo pa galimoto ya matola tsiku limenelo, mutu wawo uli pamiyendo panga, ndipo mpaka lero ndikaona munthu akugula mapilitsi awiriawiri okulungidwa m'kapepala, mtima wanga umawawa.

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Mitsempha yathu imatumiza uthenga pogwiritsa ntchito kanthu kotchedwa acetylcholine. Ndi kameneka kamauza matumbo kuti afinyike, malovu kuti atuluke, khungu kuti lichite thukuta, chikhodzodzo kuti chikankhe mkodzo. Buscopan, amene dzina lake lenileni ndi hyoscine butylbromide, pamodzi ndi abale ake monga propantheline ndi glycopyrrolate, amatchinga uthenga umenewu. Matumbo amamasuka, kupotokola nkuleka. Koma mankhwalawa sasankha pogwira. Nchifukwa chake ena mkamwa mumauma, maso amaona mbuu, mtima umathamanga, amadzimbidwa, mkodzo umakana. Ndipo kuno ku Mangochi, kumene thukuta ndi limene limatipulumutsa ku kutentha, mankhwala ochepetsa thukuta si oseweretsa kwa munthu wa kabaza kapena wapanyanja.

Kale madokotala ankaperekadi propantheline kwa odwala zilonda zam'mimba, poti amachepetsako asidi. Koma atabwera mankhwala ochepetsa asidi mwamphamvu, cimetidine mu 1976, kenako omeprazole kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, njira ija inasiyidwa. Chachikulu chinatulukira ku Perth, ku Australia, mu 1982, pamene Barry Marshall ndi Robin Warren anapeza kachilombo ka Helicobacter pylori m'mimba mwa odwala. Anzawo sanawakhulupirire, mpaka Marshall anamwa dala tizilomboto mu 1984 nkudwala. Mu 2005 onse awiri anapatsidwa mphoto ya Nobel. Taganizani, achemwali: dziko linadziwa kalekale kuti zilonda zambiri zimayamba ndi kachilomboka kapena ndi mankhwala a ululu ngati Indocid, Brufen, diclofenac ndi aspirin, koma ife tikadali kuimba mlandu tsabola ndi maganizo. Tsabola amatha kukulitsa ululu, koma si amene amaboola chifu. Ndinene mosabisa, aliyense wogulitsa Buscopan nkumati ndi mankhwala a zilonda zam'mimba akulakwira anthu, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Akugulitsa chete, ndipo chete ameneyo ndi amene anachedwetsa amalume anga.

Palinso china chimene ife a kunyanja sitiyenera kuiwala. Si aliyense wosanza magazi amene ali ndi chilonda. Likodzo la m'matumbo likakhalitsa limawononga chiwindi, mitsempha yapammero nkutupa, tsiku lina nkuphulika. Anthu amangoti "maalasa", nkumamwa zolakwika chaka ndi chaka, pomwe praziquantel, mankhwala a likodzo, akanathandiza pachiyambi pomwe. Nanga abale athu osala kudya pa Ramadani? Ndawaonapo ena akumeza mapilitsi a ululu m'bandakucha kuti apirire tsiku lonse. Ngati muli ndi chilonda, kambiranani ndi adokotala komanso ashehe anu mwezi usanayambe, chifukwa wodwala amaloledwa kudzabweza masiku ake.

Ndiye amuna anu achite chiyani?

Aleke Buscopan, ndipo apite kuchipatala sabata ino atanyamula mapaketi a mankhwala onse omwe akumwa, ngakhale azitsamba. Akanene za mkodzo mosachita manyazi, chifukwa kwa bambo wachikulire prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ikhoza kukhala yotupa, ndipo mankhwala a mtundu uwu amawonjezera vutolo, monganso amachitira kwa odwala maso a glaucoma. Mkodzo ukangotsekeratu, apite tsiku lomwelo. Akafunse zoyezetsa kachilombo kaja ka H. pylori. Kakapezeka, mankhwala ake amakhala omeprazole ndi ma antibayotiki awiri, kawirikawiri amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize onse ngakhale atapeza bwino pa tsiku lachitatu. Akapatsidwa metronidazole, mowa asaukhudze. Msana ukawawa, Panado, osati Brufen kapena Indocid. Ngati akuwonda, akulephera kumeza, kapena ululu sukusintha, apemphe kalata yokaunikidwa ndi kamera ya m'mimba, monga amachitira ku Queens ku Blantyre.

Ndipo inuyo achemwali, muwafunse lero lomwe za mtundu wa chimbudzi chawo. Ndikudziwa kuti si nkhani yophweka pakati pa mkazi ndi mwamuna, koma azakhali anga akanafunsa, tikananyamuka milungu iwiri m'mbuyo. Akati chakuda, musadikire kuti kuche.