Yankho la malume pa za mfuti ija, .300 Win Mag kapena .300 WSM

Eya mphwanga, ndamva funso lako, pepa ndachedwa kuyankha tinali ku thengo kuyambira m'mamawa netiweki kulibe. A mu gulupu muno amene nkhani za mfuti sizikukukhudzani mundikhululukire, italika pang'ono. Wati ku shopu ku Polokwane, kuno ku South Africa, akuonetsa mfuti ziwiri zosakira nyama, ina ya .300 Win Mag (Winchester Magnum) ina ya .300 WSM (Winchester Short Magnum, ya chigoba chachifupi), wogulitsayo akuti yaifupiyo ndiye yamakono ndiye ukufuna kudziwa utenge iti.

Choyamba udziwe kuti chipolopolo chotuluka kutsogolo ndi chimodzimodzi, kukula kwake .308 inchi konseko, ndipo ukaika cha 180 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) liwiro lake limangofanana, pafupifupi mamita 900 pa sekondi. Ngoma kapena nyumbu singadziwe kuti yalasidwa ndi iti. Kusiyana kuli pa chigoba chosunga wonga chija. Cha Win Mag ndi chachitali, mamilimita 66 ndi theka, chili ndi kalamba kumunsi kamene kanachokera ku chipolopolo cha .375 H&H chakalekale cha 1912, ndipo kampani ya Winchester inatulutsa Win Mag 1963. WSM inabwera 2001, chigoba chachifupi mamilimita 53 koma chonenepa, kalamba kalibe. Ndiye poti ndi chachifupi bolt yake, chitsulo chokoka polowetsa chipolopolo chija, imayenda pang'ono, mfuti imafupikako imapepukako, wonga imadyanso wochepako. Pamenepo wogulitsayo sananame ayi.

Koma kupepukako kuli ndi mtengo wake, mfuti yopepuka imamenya phewa kwambiri. Ine zaka zonsezi ndikuyenda ndi alenje pa famu pano ndaona anthu ambiri akubwera ndi magnum yopepuka, akawombera katatu pa renji yoyesererapo kuwombera wayamba kutsinzina asanakoke trigger, kenako mawa lake walasa nyama m'mimba ndiye ife oponda mapazi tikutsata magazi mpaka dzuwa kulowa, nthawi zina osaipeza n'komwe. Zimandipweteka mtima kwambiri zimenezo, nyama kuvutika usiku wonse chifukwa munthu akuopa mfuti yake yomwe.

China, zigoba zonenepa zija mu mfuti zina sizikwera bwino kuchoka mu magazini, ukamakoka bolt mwachangu umamva ikugwiragwira. Si zonse ayi, zina zimayenda bwinobwino, koma umuuze wa shopuyo akuonetse ndi zipolopolo za dummy, zopanda wonga zija, usanalipire. Komanso ukafuna chipolopolo cholemera cha 200 kapena 220 grain cha ntchefu, mu WSM chimalowa mkati n'kudya malo a wonga, pamenepo Win Mag imapambana.

Tsono chachikulu chimene ndikufuna umve ndi ichi, zipolopolo uzikazigula kuti. Win Mag ukalowa shopu ya mfuti ku Lephalale, ku Musina, ngakhale tauni yaing'ono, nthawi zambiri uipeza pa shelufu, ndipo ukaiwala bokosi kunyumba mlenje mnzako pa kampu akhoza kukhala nazo. WSM uchita kuimba foni kufunsa, mwina kuoda kudikira, mtengo wake nawonso wokwererapo. Nthawi imene WSM inatuluka ija kampani ya Remington inatulutsanso zipolopolo zake zazifupi za SAUM, Winchester anawonjezera tina tating'ono ta WSSM, lero eni mfuti zimenezo ambiri akuvutika kupeza zipolopolo. .300 WSM yokha ndi .270 WSM ndiye zalimbako, koma kuno ku Limpopo si zodzaza ngati ku America. Ndipo ukudziwa lamulo la kuno, Firearms Control Act ya 2000, laisensi imalembedwa pa mfuti imodzi imeneyo ndi nambala yake, uyambe competency, satifiketi yoonetsa kuti ndiwe woyenera kusunga mfuti, upereke mapepala ku polisi, udikire miyezi. Si nsapato yoti ikakuthina ukasintha Loweruka. Ukalakwitsa kusankha uyambiranso mzere wonse.

Ndiye pa ziwirizo ine ndikuti tenga Win Mag. Koma ndikufunse kaye mphwanga, ukasaka kuti? Ngati ndi thengo la kuno la mitengo yothinana, nswala, njiri, ngoma, timawombera pa mamita 60, 80, ikatalika 150. Pamenepo magnum ya chiyani, liwiro lochuluka pafupi chonchi limangoononga nyama, phewa lonse magazi okhaokha mpaka tikamasenda timadula n'kutaya. Mfuti yocheperako mphamvu ya .30-06 kapena .308 Winchester ikukwanira, zipolopolo zotchipa, paliponse zilipo, uphunzira kuwombera osaopa. Magnum imamveka ukamapita ku Karoo kapena ku Kalahari kumene kuli poyera nyama imakuonera patali mamita 300. Za njati usaganizeko n'komwe, imeneyo ndi ya .375 kupita m'mwamba.

Ndalama yotsalayo uike pa sikopu yabwino yoonera patali ndi sefa, bokosi lachitsulo losungiramo mfuti, yokhoma ku khoma, apolisi amafuna umboni wa sefayo, ndiponso poti muli ana m'nyumbamo makiyi uziyenda nawo iweyo. Usalipire dipoziti sabata ino. Ubwere kuno mwezi ukatha, ndipempha abwana atilole pa renji, pali .30-06 ndi Win Mag uwombere zonse ziwiri kasanu kasanu phewa lako likuuze lokha. Upereke moni kwa apongozi ndi ana, ndikupita kukathandiza kusenda.