Msonkhano wa "tikhale pansi pang'ono" nthawi yoweruka

Mayi wina wa ku Kamwendo, amene amagwira ntchito pa boma ku Mchinji, wandilembera pa imelo. Akuti anzawo a mu ofesi amadikira anthu ayambe kulongedza zikwama, kenako wina nkulemba pa gulu la WhatsApp kuti "tikhale pansi pang'ono tisanabalalike". Pang'ono pakepo ndi mpaka 7 koloko madzulo. Loweruka lapitali anawayimbira ali pakati pochapa. Funso lawo ndi lakuti akane bwanji popanda kuoneka amwano.

Mayi, muyambe mwaona kaye kuti woyitanayo ndi ndani. Mnzanu wa mpando wofanana nanu alibe mphamvu pa nthawi yanu mukaweruka. Iye mwina amakhala pafupi ndi ofesi, amangoyenda wapansi. Inu mukachedwa minibasi zimasowa, wa kabaza wa njinga yamoto akaona mdima amakweza mtengo, kunyumba ana akudikira nsima. Ndalama ya ulendowo sakupatsani ndi iye.

Cholakwika chimene ambirife timachita nkukana pa nthawi yomweyo, chikwama chili paphewa, nkhope itakwinyika. Pamenepo mumaonekadi ngati mukuthawa ntchito. Nenani m'mawa, pa tiyi, aliyense mtima uli m'malo: "Anzanga, ine ndimakwera 5 koloko. Ngati pali chokambirana, tichiike pasanafike 3 koloko." Uthenga wamadzulo ukabwerabe, musaunyalanyaze. Yankhani mzere umodzi: "Ndauona, ndili m'njira. Tingakumane mawa 8 koloko?" Mudzadabwa kuti nkhani zambiri zimene amati nzachangu zimagona bwinobwino mpaka kucha.

Ine ndinaphunzira mochedwa. Pamalo ena amene ndinkagwira, ndinakhalapo mpaka mdima kumvera anthu akukangana za mtundu wa malaya ovala pa mwambo wina, foni ikulira m'thumba, mlamu wanga akundidikira pa depoti ndi thumba la mtedza. Mawa lake anasintha mtunduwo ine kulibe.

Akakhala abwana, nkhani ndi ina. Tsiku limene zinthu zathinadi, monga alendo akubwera mawa kapena lipoti likufunika kulikulu, khalani, musawerengere. Koma zikakhala za sabata ndi sabata, dziwani kuti msonkhano ndi ntchito. Lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera amalipidwa: ola limodzi ndi theka pa ola lililonse la tsiku lantchito, kuwirikiza kawiri pa tsiku lopuma kapena la tchuthi. Onaninso zimene kalata yanu yolembedwera ntchito ikunena.

Muzilemba m'kabuku tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera. Pakatha mwezi, lowani nako kwa abwana panokha, osati pa gulu, muwafunse mwaulemu ngati maolawo alipidwe kapena misonkhanoyo isunthidwe. Kawirikawiri imasunthidwa. Zikakanika, ku ofesi ya leba pa boma pomwepo amamva madandaulo otere, ndipo kabuku kaja mukapite nako.